Techno yolira maliro: mmene chisoni amachiikira mu nyimbo yovinira

Nyimbo ya techno kapena garage (mitundu ya nyimbo zovinira zopangidwa ndi makina) imene imafika pamtima pa munthu woferedwa imakhala ndi zinthu zochepa modabwitsa. Mukaitsegula pa kompyuta mupezamo kick (ng'oma yaikulu yapansi), besi, ma chord (manotsi oyimbidwa pamodzi) awiri kapena atatu, kachidutswa ka mawu a munthu, ndi mpata waukulu wopanda kanthu. Ongoyamba kumene amachita zosiyana. Amathiramo piyano yolira, vayolini, mvula, kwaya, mpaka matiraki 60, kenako n'kumadabwa kuti bwanji nyimboyo ikumveka ngati ya mu filimu ndipo sikugwira mtima wa aliyense. Mu nyimbo zamtunduwu chisoni chimamveka pa chinthu chimene chasowa. Ng'oma ikugundabe chifukwa wotsalayo akupumabe, akuyendabe, koma china chake chimene khutu limadikira sichikubwera. Ntchito yaikulu ya pulojusa ndi kuzoloweretsa khutu chinthu, kenako n'kuchichotsa pa nthawi yake.

Kuvina ndi kulira sizinayambe kukumana dzulo m'nyimbo za makina. Nyimbo za house zinakulira m'makalabu a Warehouse ku Chicago ndi Paradise Garage ku New York, malo amene onse anatsegulidwa mu 1977, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu ambiri amene ankavina kumeneko anatha ndi Edzi. Otsala ankabwerabe kudzavina Loweruka, anzawo atawaika m'manda mkati mwa sabata. Techno inabadwira ku Detroit, mzinda umene mafakitale a magalimoto ankatsekedwa ndipo nyumba zambiri zinasanduka mabwinja. Berlin inailandira khoma logawa mzindawo litagwa mu 1989, ndipo kalabu ya Tresor inatsegulidwa mu 1991 m'chipinda chapansi chosungiramo chuma cha sitolo yakale. Kumwera kwa London, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, garage inazizira, inalemera, n'kubala dubstep. Kwa ife amene tikudziwa kuti Gule Wamkulu amatuluka pamaliro komanso kuti pasiwa anthu amachezera kuyimba mpaka mbandakucha, palibe chachilendo pa mfundo yoti thupi limalira posuntha.

Yambani ndi liwiro, chifukwa zina zonse zimawerengeredwa kuchokera pamenepo. Pakati pa 120 ndi 128 BPM (kugunda pa mphindi imodzi), kick ikugunda kanayi pa bar iliyonse (bar ndi chigawo cha kugunda kunayi), mumapeza kayendedwe kolemera ka munthu wongopita kutsogolo. Pakati pa 130 ndi 138, ndi kagundidwe ka garage kamene kamadumpha kick yachiwiri ndi yachinayi, nyimbo imatsimphina ndipo imamveka yosakhazikika. Pa 140, snare (ng'oma yaing'ono yothetheka) mukaiika pa kugunda kwachitatu kokha, khutu limamva ngati 70, ndiye pansi pamakhala pang'onopang'ono pomwe ma hi-hat (tizitsulo tolira tsi-tsi) akuthamanga pamwamba. Kupitirira 145 ndi kick yowotchedwa ndi distortion (kuphwanya mawu dala kuti akhale aukali), chimene chimatuluka ndi mkwiyo. Mkwiyo ulipo ndithu pa imfa, koma dziwani kuti mwasankha umenewo. M'zitsanzo zonse apa tigwiritsa 125 BPM chifukwa masamu ake ndi osavuta: gawani 60000 ndi 125, mupeza mamilisekondi 480 pa kugunda kumodzi, ndipo bar imodzi ndi masekondi 1.92.

Kick ikhale yozungulira, yopanda mano. Sampulo ya Roland TR-909, makina amene anatuluka mu 1983, ndi poyambira pabwino, koma ili ndi kakuthwa pamwamba kamene kamaitanira chisangalalo. Kachepetseni ndi EQ (chida chokweza kapena kutsitsa zigawo za mawu) cha pa 3 mpaka 5 kHz, kapena dulani zonse za pamwamba pa 6 kHz, kuti imveke ngati ikugunda kuseri kwa khoma. Ma hi-hat musawasiye pa mizere yeniyeni ya pulogalamu. Achedwetseni ena ndi mamilisekondi 10 mpaka 20, ndipo mphamvu yake isiyanesiyane, ina 70, ina 95, ina 60. Chimbale cha Untrue cha Burial, pulojusa wa ku London, cha mu 2007, chimatchulidwa kawirikawiri pa nkhani imeneyi chifukwa mwini wake ananena kuti ankagwiritsa Sound Forge, pulogalamu yodulira mawu, ndipo ng'oma ankaziika ndi maso popanda mizere yoziwongola. Kupendekeka kumeneko ndi kumene kumachititsa makina kumveka ngati munthu wotopa. Chenjezo ndi lakuti musunthe ma hi-hat ndi snare okha. Mukasuntha kick mu techno, DJ alephera kuilumikiza ndi nyimbo ina ndipo ovina asokonezeka miyendo.

Pa ma chord ndi pamene anthu amasokoneza chisoni ndi mantha, zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Manotsi owombana, monga A ndi B flat oyimbidwa pamodzi mwamphamvu, kapena tritone, kuphatikizapo distortion yambiri, amabweretsa mantha a filimu ya mizukwa. Woferedwa sakuopa malemu, akuwasowa. Choncho nyimbo imafunika kutentha pang'ono mkati mwa kuzizirako. Chord ya A minor 9, yomwe ndi A, C, E, G, B, imachita zimenezi payokha, chifukwa mkati mwake muli C, E, G, amene ndi C major, ndiye kuwala kumakhala kobisika mkati mwa mdima. Ikhale ma bar awiri, kenako F major 7, yomwe ndi F, A, C, E, ma bar awirinso, n'kubwerera. Basi. Manotsi A, C ndi E ali mbali zonse, choncho nyimbo imasuntha koma sichoka pamalo, monga mmene maganizo a munthu wolira amazungulira pa chinthu chimodzi. Pewani chord ya E major yobwerera ku A minor. Imatseka chiganizo bwinobwino ngati mapeto a nyimbo ya kutchalitchi, pomwe apa sitikufuna kuti chilichonse chitsekeke.

Synth yoyimba ma chord amenewa ikhale ya saw ziwiri zosiyanitsidwa ndi ma cent 5 mpaka 10 (ma cent 100 ndi mtunda wa manotsi awiri oyandikana pa kiyibodi), low-pass filter ili cha pa 800 Hz mpaka 1.5 kHz, attack ya mamilisekondi 300 kapena kuposa kuti mawu azilowa mozemba. Onjezani LFO (chida chogwedeza mawu mobwerezabwereza) yochedwa, 0.2 mpaka 0.5 Hz, yogwedeza pitch ndi ma cent ochepa, kuti imveke ngati tepi yakale yotanuka. Mukapitirira ma cent 20 omvera amayamba kumva chizungulire ndipo besi imaoneka ngati yaphonya kiyi.

Besi ya pansipansi ndi sine wave wamba. Pa A1 ili pa 55 Hz, pa F1 ili pa 43.65 Hz, ndipo masipika a kalabu amazitulutsa bwino zonsezi. Mukasankha kiyi ya C n'kutsikira ku C1, muli pa 32.7 Hz, pamene masipika ambiri amangopuma mpweya osamveka kanthu. Vuto lina ndi lakuti omvera anu ambiri adzamvera pa foni kapena pa kasipika ka Bluetooth, komwe 55 Hz kulibeko n'komwe. Njira yake ndi kukopera besiyo ku tiraki ina, kuithira saturation kuti ibale ma harmonic (mawu apamwamba obadwa kuchokera pa notsi yapansiyo) a 110, 165, 220 Hz ndi kupitirira, kudula zonse za pansi pa 100 Hz pa kopeyo, n'kuisakaniza pang'ono ndi yoyambayo. Khutu likamva ma harmonic amenewa limadzimalizitsira lokha notsi yapansi imene sipika yalephera. Zonse za pansi pa 120 Hz zikhale mono. Mukaika chorus kapena stereo widener pa besi, m'mahedifoni imakoma, koma ku kalabu, komwe mawu apansi nthawi zambiri amaphatikizidwa kukhala amodzi, mbali ziwirizo zimafafanizana ndipo besi imazimiririka pa manotsi ena. Kick ndi besi zisalimbirane malo: ikani sidechain compressor pa besi, yoitsitsa nthawi iliyonse kick ikagunda, ratio 4:1, attack yachangu, release ya mamilisekondi 120 mpaka 180, yotsitsa ndi 3 mpaka 6 dB. Mukapitirira 10 dB nyimbo imayamba kupuma mwawefuwefu ngati ya pa phwando lalikulu, ndipo ulemu wonse umatha.

Tsopano mawu a munthu, pomwe pagona nkhani yonse.

Masiku ano pafupifupi aliyense woferedwa ali ndi mawu a malemu pa foni: uthenga wa WhatsApp wofunsa ngati mwafika bwino, kanema wa paukwati, kuseka kojambulidwa mwangozi. Choyamba, koperani failoyo m'malo awiri osiyana musanaikhudze, ndipo muzigwira ntchito pa kope lokha. Mauthenga a mawu a WhatsApp amasungidwa mu Opus, opanikizidwa kwambiri komanso a mono. Asintheni kukhala WAV ndi Audacity kapena VLC, zomwe ndi zaulere, musanawalowetse mu pulogalamu yopangira nyimbo monga FL Studio kapena Ableton Live. Dulani za pansi pa 100 Hz kuti muchotse kugunda kwa dzanja ndi mphepo. Ngati akulasa khutu, tsitsani 2 kapena 3 dB pakati pa 2 ndi 4 kHz. Pochotsa phokoso musapitirire 6 mpaka 9 dB, chifukwa kupitirira apo mawu amamveka ngati munthu akulankhulira m'madzi. Ndipotu phokoso lambiri ndi lofunika kulisiya. Tambala wolira patali, minibasi yodutsa, wailesi ya m'chipinda china, ndizo zimene zimauza khutu kuti munthuyu analipodi, pamalo enieni, tsiku lenileni.

Musawawongole mawuwo ndi autotune. Munthu timamuzindikira ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu ake, ndipo m'Chichewa kukwera ndi kutsika kumeneko kumanyamulanso tanthauzo. Mukakuphwathalitsa kuti kulowe mu kiyi yanu, achibale adzamva mlendo. Chitani motembenuza: nyimbo itsatire malemu. Ikani kachidutswako pa loop, tsegulani tuner kapena spectrum analyzer, muone pamene mawu akukhazikika. Amuna ambiri polankhula amakhala pakati pa 85 ndi 180 Hz, akazi pakati pa 165 ndi 255 Hz. Ngati chiganizo chikuthera cha pa 220 Hz, imeneyo ndi A, ndipo mwapeza kiyi ya nyimbo yanu. Ngati chikuthera pa 147 Hz, ndi D. Ma chord akamangidwa mozungulira notsi imeneyo, mawu olankhulidwa wamba amayamba kumveka ngati akuyimba, inu osawakhudza n'komwe. Ine ndimaona kuti palibe njira ina mu luso limeneli imene imalemekeza munthu kuposa imeneyi.

Dulani mwachidule. Mawu atatu kapena anayi akwana, ndipo akhale wamba. "Ndikuyimbiranso" kapena "mwadya kale?" amalasa kwambiri kuposa chiganizo chachitali cha malangizo, chifukwa wonenayo sankadziwa kuti akutsanzika. Siyani kapumidwe ka mpweya kamene kamabwera mawu asanayambe. Ikani fade ya mamilisekondi 5 mpaka 10 kumayambiriro ndi kumapeto kuti pasamveke kuthetheka podula. Ngati mukufuna kusintha pitch, semitone 2 kapena 3 kutsika zimalemeretsa mawu munthu n'kumazindikirikabe. Kupitirira 6 kapena 7 amasanduka chilombo, ndipo kukweza kwambiri kumawasandutsa kamwana ka m'katuni, pokhapokha mutagwira formant kuti isasunthe. Kuwatambasula kuti alowe mu liwiro la nyimbo kusapitirire magawo 10 kapena 15 pa 100 alionse, apo ayi mumva kunjenjemera kwachitsulo.

Pali njira inanso kwa amene sakufuna kuti mawu enieniwo amveke ndi anthu akunja. Mu Audacity muli Paulstretch, chida chotambasula mawu kwambiri. Tengani sekondi imodzi ya mawu, makamaka pamene malemu anakoka "aa" kapena "oo", muitambasule ka 15 kapena ka 20. Chotuluka ndi mawu aatali oyandama opanda liwu lomveka, koma okhala ndi mtundu wa mawu a munthuyo. Aikeni pansi pa ma chord. Wovina ku kalabu adzangomva synth yachilendo, koma inu ndi a pabanja mudzadziwa amene ali mmenemo.

Apa mpofunika kuima kaye. Mawu amenewo si anu nokha. Uthenga umene mayi anatumizira mwana wawo mmodzi ndi mawu a mayi wa ana onse, mlongo wa ena, mkazi wa wina. Musanaitulutse nyimboyo, kakhaleni pansi ndi akuluakulu a banja, muwauze chimene mwachita ndi kumene nyimboyo izidzaseweredwa, kuphatikizapo kuti kumakhala mowa. Ena adzavomera, ena adzati nthawi sinakwane, mwina mpaka chiliza chitamangidwa, ndipo ena adzakaniratu. Onse ali ndi zifukwa zomveka. Musawadzidzimutse powamvetsera popanda kuwachenjeza, chifukwa kumva mawu a malemu mosayembekezera kumagwetsa munthu. Ngati mwatapa mawu kuchokera m'nyimbo ya woyimba wina kapena pa wailesi, imeneyo ndi nkhani ya umwini, ndipo pamafunika chilolezo cha eni ake. Ku Malawi a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndi amene angakulozereni njira.

Reverb, yomwe ndi kulira kotsalira ngati kwa m'chipinda chachikulu, ndi imene imapereka mtunda, komanso ndi imene imaononga nyimbo zambiri zamtunduwu. Musaiike pa tiraki iliyonse payokha. Pangani send imodzi (tiraki ya reverb yomwe matiraki ena amatumizako mawu) ya decay ya masekondi 4 mpaka 8, pre-delay ya mamilisekondi 30 mpaka 60 kuti liwu liyambe lamveka lisanamire, kenako EQ pambuyo pake yodula za pansi pa 250 kapena 300 Hz ndi za pamwamba pa 6 kapena 7 kHz. Mukapanda kudula pansipo, mchira wa ma chord, wa mawu ndi wa snare umaunjikana pakati pa 200 ndi 500 Hz, nyimbo n'kukhala matope okhaokha, ndipo mukakweza voliyumu matopewo amangokula. Ikaninso compressor pa reverb yomvera mawu oumawo, kuti munthu akamalankhula reverb izitsika, akasiya izikwera n'kudzaza malo amene wasiya. Chinthu chimodzi chokha chikhale chouma ndi chapafupi, nthawi zambiri kick kapena rimshot, chifukwa khutu limayeza kutalika poyerekeza ndi chimene chili pafupi. Zonse zikakhala patali, palibe chimene chimamveka kuti chili patali.

Delay, chida chobwereza mawu, pa 125 BPM muiike pa mamilisekondi 360, omwe ndi magawo atatu mwa anayi a kugunda kumodzi, feedback ya 40 mpaka 55 pa 100, ndi low-pass mkati mwake kuti kubwereza kulikonse kuzizilala kuposa kwam'mbuyo. Musatumizeko chiganizo chonse, koma liwu lomaliza lokha.

Phokoso la mvula ndi kuthetheka kwa mbale ya galamafoni zagwiritsidwa ntchito mpaka kutopetsa. Ngati mukufuna phokoso la pansi, kajambuleni lanu ndi foni pamalo amene ali ndi tanthauzo, pakhonde pamene ankakhala kapena m'khitchini mwawo, kwa mphindi ziwiri, muliike 25 mpaka 30 dB pansi pa nyimbo. Lisamveke kuti lilipo, lizidziwika pokhapokha mukalizimitsa.

Kasanjidwe ndiko kamamaliza ntchito. Tengani ma bar 192, omwe pa 125 BPM ndi mphindi 6 ndi masekondi pafupifupi 9. Ma bar 32 oyamba akhale ng'oma zokha kuti DJ apeze polowera. Kuyambira pa bar 33 besi ndi ma chord zilowe. Pa 65 mawu ayambe kumveka, kamodzi pa ma bar anayi alionse, pamalo omwewomwewo nthawi zonse, tinene pa kugunda kwachitatu kwa bar yachinayi. Pofika pa 96 amveka kasanu ndi katatu, ndipo womvera wayamba kuwadikira ngakhale asakudziwa kuti akudikira. Pa 97 chotsani kick ndi besi, kutsale ma chord ndi mawu. Apa musaike riser (mawu okwerakwera) kapena snare yothamangira pachimake, chifukwa zimenezo zimalonjeza chisangalalo ndipo anthu amakweza manja kuyembekezera kuphulika. Kick ibwerere pa 129 mwakachetechete, ngati munthu amene wadzuka m'mawa kupita kuntchito maliro atatha. Koma mawu aja asabwererenso. Pamalo pawo, pa bar yachinayi iliyonse, tsitsani ma chord ndi 2 kapena 3 dB ndi kuchotsa hi-hat imodzi, kuti mpatawo uonekere. Khutu lidzafika pamenepo, lidzapeza pali zii, ndipo lidzawanena lokha mawuwo. Ambiri amalephera kupirira, amawabweza mawuwo kumapeto kuti nyimbo ikome, ndipo akatero amakhala afafaniza zonse zimene anamanga m'mphindi zinayi.

Posakaniza siyani mpata wa 6 dB pa master. Spotify ndi YouTube amatsitsa nyimbo zaphokoso kufika cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), ndiye kuipanikiza mpaka -6 sikukupindulirani kanthu kumeneko, kumangopha kusiyana kwa gawo lachete ndi gawo la ng'oma, komwe ndi moyo wa nyimboyi. Ya ku kalabu, -9 kapena -8 LUFS ikwana, ndipo true peak isapitirire -1 dB. Imvetsereni mu mono, pa foni, ndi m'galimoto. Ngati pa foni mawu a munthu akumira, vuto nthawi zambiri ndi ma chord amene akudya malo a pakati pa 1 ndi 3 kHz, ndiye tsitsani pamenepo m'malo mokweza mawuwo.

Samalaninso makutu ndi mtima womwe. Phokoso la 85 dB limayamba kuononga makutu pakatha maola 8, ndipo mukakweza ndi 3 dB nthawiyo imatsika ndi theka, choncho mahedifoni okwezedwa usiku wonse si masewera. Pumulani pakatha mphindi 45 kapena ola. Kumva mawu a malemu mobwerezabwereza kambirimbiri kumachita chimodzi mwa ziwiri: kumakufooketsani mpaka kulephera kugona, kapena kumawasandutsa phokoso wamba moti simungathenso kuweruza ngati akugwira ntchito. Pokonza ng'oma, besi ndi reverb, ikani mawu anuanu ojambulidwa pa foni, autali wofanana, kuti agwire malo. Mawu enieniwo muwabweze pomaliza, mutapuma masiku angapo, ndipo potulutsa nyimboyo tulutsaninso ina ya Paulstretch yokha yopanda liwu lomveka, kuti banja likasintha maganizo mukhale nayo yoika m'malo mwake.